Tiyi Amamera ku Makwasa, Lendi Imalipidwa ku Blantyre: Mafunso ndi Mayankho pa Msika wa Maofesi

Munthu akatsika minibasi pa Makwasa n'kufunsa komwe angapeze ofesi ya lendi, amamulozera chipinda chomwe chaka chatha chinali golosale, mashelefu akadali pakhoma. Akafunsa funso lomwelo mu Victoria Avenue ku Blantyre, iyeyo ndiye amayamba kufunsidwa: mukufuna masikweya mita angati, pansanja yachingati, nanga galimoto zoimika muli nazo zingati? Malo awiriwa atalikirana makilomita pafupifupi 65 okha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene ali ndi kapoloti, kandalama ka penshoni, kapena bizinesi yofuna khomo lolandirirapo anthu.

Kodi msika wa maofesi n'chiyani kwenikweni, ndipo ku Makwasa ulipo?

Msika umayamba pamene womanga nyumba ndi wogwiramo ntchito ali anthu awiri osiyana. Wina amamanga kuti adye lendi, wina amalipira lendi kuti asamange. Pakakhala omanga ambiri ndi ofuna malo ambiri, mtengo umadziwika, ndipo wina akatuluka wina amalowa.

Ku Makwasa maofesi alipo, ndipo ena ndi akale kuposa nyumba zambiri za mu Lilongwe. Mishoni ya Malamulo ili pamalopo kuyambira 1902, pamene mpingo wa Seventh-day Adventist unagula malo amene Joseph Booth anayambitsapo Plainfield Mission. Lero pali chipatala, koleji ya zaumoyo ndi malo osindikizira mabuku, ndipo chilichonse chili ndi alembi, owerengera ndalama ndi mabwana ake. Esiteti ya Makwasa, yomwe ili m'manja mwa Eastern Produce, ili ndi ofesi yake, monganso Satemwa, Naming'omba, Conforzi ndi Makandi ali ndi awo m'madera ena a Thyolo. Koma onsewa amagwira ntchito m'nyumba zawozawo, pamalo awoawo. Palibe amene amalipira lendi kwa mnzake. Amene akanakhala olipira lendi akuluakulu ndi eni nthaka, ndiye msikawo uyambira pati?

Chotsala ndi mzere wa zipinda za m'mbali mwa msewu, momwe telala, wometa, wogulitsa mankhwala ndi wa Airtel Money amasinthana chaka ndi chaka. Umenewo ndi msika wa masitolo. Bungwe likabwera ndi pulojekiti ya zaka ziwiri, limatenga chimodzi mwa zipindazo, kupaka penti, kukhoma chikwangwani, basi yasanduka ofesi.

Komatu Thyolo ili ndi anthu ambiri. Si anthu amene amapanga msika?

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 721,456 m'boma la Thyolo, pamene mzinda wa Blantyre unali ndi anthu 800,264. Kusiyana kwake n'kochepa. Chikhala kuti lendi ya ofesi imatsata mitu ya anthu, bwenzi paboma la Thyolo pali nyumba zosanja ngati Delamere House kapena Livingstone Towers.

Ofesi siyifuna munthu wamba aliyense. Imafuna munthu amene ntchito yake ndi pepala, siginecha ndi msonkhano: loya, wa inshuwalansi, wa kubanki, wowerengera mabuku a kampani, wojambula mapulani, wothandiza kulowetsa katundu m'dziko. Wothyola tiyi ofesi yake ndi munda ndi sikelo. Mlimi wa nthochi ku Thekerani safuna desiki. Ntchito ya tiyi m'dziko muno imalemba anthu pafupifupi 50,000 pa nyengo ya mvula, koma mwa anthu onsewo okhala pampando tsiku lonse ndi ochepa kwambiri, ndipo ochepawo ali kale m'maofesi a pa esiteti.

Chachiwiri ndi kuthithikana. Anthu a Thyolo amwazikana m'mapiri ndi m'zigwa kuyambira Bvumbwe mpaka kumalire ndi Nsanje. Anthu a Blantyre ali pamalo oti loya akhoza kuonana ndi makasitomala asanu, kupita kukhoti n'kudutsa kubanki dzuwa lisanapendeke. Tikamanena za kukula kwa mzinda pa nkhani ya maofesi, tikunena za kuchuluka kwa anthu a ntchito za mapepala amene angathe kufikirana tsiku limodzi.

Nanga mapepala a tiyi wa ku Makwasa amalembedwera kuti?

Tsatirani thumba limodzi la tiyi. Masamba athyoledwa m'mawa, ayezedwa pasikelo, alowa m'fakitale, afota, agayidwa, aumitsidwa, asankhidwa m'magiredi. Mpaka apa zonse zachitika ku Thyolo. Likangokwera lole, nkhani yonse imasamukira ku Limbe ndi ku Blantyre. Okushoni ya tiyi ili ku Limbe. Olawa tiyi ndi kumuikira mtengo ali komweko. Tea Association of Malawi ili ku Blantyre. Banki yolandira madola a tiyiyo, kampani ya inshuwalansi yoteteza katunduyo paulendo wopita kudoko la Beira, Nacala kapena Durban, likulu la MRA ku Msonkho House, owerengera mabuku a kampani kumapeto kwa chaka, maloya oimira esiteti pa milandu ya malo kapena ya antchito, onsewa ali mumzinda. Aliyense wa iwo amakhala m'chipinda cholipira lendi, ndipo gawo lina la lendiyo limachokera m'dengu la mayi wothyola tiyi pa Makwasa.

Izi sizinayambe lero. Mandala House, nyumba ya African Lakes Corporation yomwe inamangidwa mu 1882, inali kale likulu la malonda tiyi asanafike ku Thyolo. Njanji itafika ku Limbe ndi ku Blantyre cha m'ma 1908, zokolola za minda ya m'mapiri a Shire zinayamba kusonkhanira kumeneko, ndipo kumene katundu amasonkhana ndi kumene kalaliki amakhala. Matauni awiriwo anaphatikizidwa mu 1956.

Chifukwa chimene a ntchito zoterezi amaunjikirana pamodzi n'chimene amayi ogulitsa tomato pa Bvumbwe amakhalira mzere umodzi m'malo momwazikana: wogula amadziwa poima, ndipo aliyense amagulitsa zambiri kuposa akanakhala yekha pakhonde pake. Katswiri wa zachuma wa ku England, Alfred Marshall, analemba za zimenezi mu 1890, kuti makampani oyandikana amagawana antchito aluso, othandizira ntchito ndiponso nzeru. Kampani ya inshuwalansi ku Blantyre ikataya akauntanti, imapeza wina sabata yomweyo. Itakhala pa Makwasa, iyenera kumunyengerera munthu kuti asamuke, kumupezera nyumba ndi kumuyankha funso la sukulu ya ana.

Njerwa ndi yomweyo, simenti ndi yomweyo. N'chifukwa chiyani lendi ya mumzinda imakwera chonchi?

Kunena zoona, kumanga pa Makwasa sikutsika mtengo kwenikweni. Mchenga, njerwa ndi aganyu zikhoza kutsikirako, koma simenti, zitsulo, malata, magalasi ndi mawaya zimachokera ku Limbe, ndipo lole imalipiritsa. Kusiyana kwa lendi sikuchokera m'khoma. Wolipira lendi mu Henderson Street akugula anansi: banki ili potero, khoti la zamalonda lili chapafupi, msika wa masheya uli mu Victoria Avenue. Makampani ambiri akamalimbirana mayadi ochepa omwewo, mtengo wa nthaka umakwera, ndipo nthaka ikadula mwini wake amakakamizika kumanga chokwera kuti poloti imodzi ibale zipinda zambiri.

Kumanga chokwera kuli ndi zolipira zake. Pamafunika chikepe, jenereta yoti chikepecho chisaime magetsi akathima, mathanki ndi mapampu okankhira madzi pamwamba, alonda, okolopa, zozimitsira moto. Zonsezi amazigawa kwa okhalamo monga ndalama yapadera pamwamba pa lendi. Nyumba ya makampani makumi atatu imazikwanitsa. Nyumba ya makampani atatu siingathe. Ndiye chifukwa chake m'matauni aang'ono nsanja imathera pa ziwiri kapena zitatu, pomwe miyendo ya munthu imafika popanda chikepe.

M'mizinda lendi imawerengedwa pa sikweya mita pamwezi, pamgwirizano wolembedwa wa zaka zingapo, wokhala ndi ndime ya mmene lendi idzakwerere chaka chilichonse. Makampani monga Knight Frank amatsata mitengoyi ku Blantyre ndi ku Lilongwe n'kumatulutsa malipoti. Pa Makwasa lendi imawerengedwa pa chitseko. Landilodi amatchula mtengo akuyang'ana nsapato za wofunsayo, ndipo akamva kuti ndi bungwe, mtengo umasintha asanamalize kupereka moni.

Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, msika waukulu uli kuti?

Pa chiwerengero Lilongwe inapitirira: anthu 989,318 mu 2018. Koma misika iwiriyi ndi yosiyana mtundu. Blantyre inakula ndi malonda. Lilongwe inachita kumangidwa ndi lamulo. Capital City Development Corporation inakhazikitsidwa mu 1968 kuti imange likulu latsopano, ndipo boma linasamuka ku Zomba mu 1975. Capital Hill sinakwane maunduna ndi nthambi zonse, choncho boma linakhala wolipira lendi wamkulu mu City Centre. Akazembe, mabungwe a United Nations ndi mabungwe omwe si aboma anatsatira, chifukwa aliyense wofuna siginecha ya mlembi wamkulu wa unduna amafuna kukhala pafupi naye.

Kampani ya MPICO, yomwe inayamba mu 1972 n'kulowa pa msika wa masheya mu 2007, ili ndi nyumba monga Gemini House zomwe boma lakhala likuchitamo lendi. Boma ndi mlendi wokoma pa chinthu chimodzi: silisamuka wamba. Koma limalipira mochedwa, ndipo malipoti a pachaka a MPICO akhala akudandaula za ngongole ya lendi ya boma yofika mabiliyoni. Mzinda wodalira mlendi mmodzi wamkulu, ngakhale utakula bwanji, umakhala ndi matenda a tauni yaing'ono.

Ine ndimaona kuti dziko lathu linagawa pawiri msika womwe unali wochepa kale. Ku Zambia, boma, mabanki ndi makampani akuluakulu ambiri ali mu Lusaka. Ku Kenya ali mu Nairobi. Kwathu kuno kampani yofuna kuchita bizinesi ndi boma komanso ndi mabanki imasunga maofesi awiri, mabwana n'kumathera mafuta pa msewu wa M1 wodzera ku Zalewa. Kugawaku kunathandiza kuti chitukuko chifike m'chigawo chapakati, zimenezo sindikutsutsa. Koma kunasiya mizinda iwiri yomwe uliwonse sufika pa msinkhu wodzaza nyumba zazitali zambiri nthawi imodzi. Nyumba imodzi yaikulu ikatsegulidwa, msika wonse wa mzindawo umagwedezeka.

Zomba, ya anthu 105,013, ikuonetsa zimene zimachitika mlendi wamkulu akachoka. Kunatsala yunivesite, National Statistical Office, MANEB ndi malo osungira zakale, koma ambiri mwa amenewa ali m'nyumba za boma, ndipo wofuna loya wamkulu kapena likulu la banki amangokwera galimoto ya ku Blantyre.

Kodi malo a esiteti ngati Makwasa angathe kukula mpaka kukhala ndi msika wakewake?

Zinachitikapo. Mzuzu inayamba m'zaka za m'ma 1940 pozungulira esiteti ya mitengo ya tung, ndipo inakhala mzinda mu 1985. Pofika 2018 inali ndi anthu 221,272, ndipo lero kuli nthambi ya Reserve Bank, khoti lalikulu, yunivesite, ndi nthambi za mabanki ndi makampani a inshuwalansi.

Chinaikweza Mzuzu si mbewu ya pa esitetiyo, yomwe inazilala kalekale. Ndi mtunda. Kuchokera ku Karonga kapena ku Chitipa, Lilongwe ili kutali kwambiri, choncho boma ndi makampani anafunika likulu la chigawo chakumpoto. Makwasa ilibe mwayi umenewo. Ili pafupi kwambiri ndi Blantyre moti bwana wa kampani akhoza kunyamuka m'mawa, kugwira ntchito yake pa esiteti n'kukadya nkhomaliro ku Limbe. Ngakhale ntchito za boma, monga ofesi ya DC, khonsolo ndi chipatala cha boma, zili paboma la Thyolo. Tauni yaing'ono yoyandikana ndi mzinda waukulu imakhala mumthunzi wake.

Palinso nkhani ya nthaka. Mzuzu inali ndi malo otambasukira. Makwasa yazunguliridwa ndi minda ya tiyi ndi malo a mishoni, ndipo mapepala a minda yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje amayambira m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston ankapereka zikalata za umwini kwa azungu. Kusowa kwa malo m'maboma awiriwa ndi bala losapola, ndipo ndi komwe kunatulutsa gulu la People's Land Organisation la Vincent Wandale. Pa nkhani yathu, zotsatira zake n'zakuti poloti ya m'mbali mwa msewu imalimbiranidwa ndipo imadula. Koma kudula kwa poloti chifukwa chosowa malo n'kosiyana ndi kudula chifukwa chochuluka ofuna maofesi. Wogula poloti yodula pa Makwasa asaganize kuti lendi idzamubwezera mwa iyo yokha.

Amene amamanga nyumba zikuluzikulu za maofesi ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani safika kumatauni aang'ono?

Kawirikawiri ndi osunga ndalama za anthu ena kwa nthawi yaitali: makampani a inshuwalansi ndi a penshoni. MPICO ili pansi pa Old Mutual. ICON Properties, yomwe inalowa pa msika wa masheya mu Januwale 2019 ndipo ili ndi Kang'ombe House ku Lilongwe ndi Chichiri Shopping Centre ku Blantyre, inachokera m'banja la NICO. Lamulo la penshoni la 2011 litakakamiza olemba ntchito kupereka 10 peresenti ndi antchito 5 peresenti ya malipiro, ndalama zofuna pokaikidwa zinachuluka, ndipo nyumba ndi amodzi mwa malo ochepa oziikako m'dziko muno. Tinganene kuti kalaliki wa pa esiteti amene amadulidwa penshoni mwezi uliwonse ali ndi kanjerwa kake mu City Centre, ngakhale sanapondemo.

Osunga ndalama oterewa amafunsa mafunso atatu asanamange. Mlendi uyu akatuluka, alowa ndani? Tikafuna kugulitsa nyumbayi, agula ndani? Nanga mtengo wake tiudziwa bwanji? Ku Blantyre mayankho alipo, chifukwa woyesa mtengo wa nyumba amayerekeza ndi zina zimene zagulitsidwa kapena kubwereketsedwa posachedwa mumsewu womwewo. Pa Makwasa palibe choyerekezera. Nyumba ikhoza kudya ndalama zambiri pomanga, koma tsiku logulitsa n'kupezeka ogula awiri okha, onse odziwa kuti mwini wake wapanikizika. Banki nayo imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake imakayika kulandira nyumba yotere ngati chikole, makamaka ngati ili pamalo a mfumu opanda lizi. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yolembetsera malo a makolo, koma chikalata chimangotsimikiza umwini, sichibweretsa wogula.

Ndiye pali chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo ngongole zamalonda zinkayandikira 30 kapena kuposerapo. Tiyerekeze kuti mwabwereka K100 miliyoni pa 30 peresenti n'kumanga zipinda khumi. Chiwongoladzanja chokha ndi K30 miliyoni pachaka, kapena K2.5 miliyoni pamwezi. Chipinda chilichonse chiyenera kubweretsa K250,000 mwezi ndi mwezi, osaphonya, musanabweze ngongole yeniyeniyo, musanalipire mlonda, musanapereke msonkho. Funsani pa Makwasa kuti ndi angati angalipire zimenezo. Kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunakweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja. Landilodi wa mumzinda, amene alendi ake ndi mabanki ndi mabungwe olandira madola, anatha kukweza lendi n'kutsatirako. Wa kumudzi, amene alendi ake amadalira malipiro a othyola tiyi, akakweza amangotsala ndi makiyi m'manja.

Ndiye kuti kumanga mumzinda waukulu n'kopindulitsa nthawi zonse?

Ayi. Mzinda waukulu uli ndi mavuto akeake, ndipo loyamba ndi lakuti pakati pake pamatha kufa kunja kukukula. Johannesburg ndi chitsanzo chimene abale athu opita ku Joni amachidziwa ndi maso. M'zaka za m'ma 1990 makampani anathawa pakati pa mzindawo kupita ku Sandton ndi madera ena akumpoto, msika wa masheya nawo unasamuka mu 2000, ndipo nyumba zina zazitali zinatsala zopanda eni oziyang'anira mpaka kulandidwa ndi magulu olipiritsa anthu osauka. Ku Lusaka, maofesi ambiri anachoka mu Cairo Road kupita ku Rhodes Park, Longacres ndi Kabulonga.

Kwathu zikuchitika pang'onopang'ono. Lowani m'nyumba ina yakale pakati pa Blantyre masana a tsiku la ntchito. Pachitseko cha chikepe pamatidwa pepala lomwe lasanduka lachikasu. Pabolodi la mayina pakhomo, mizere ina yafufutidwa, ina yamatidwa ndi selotepi. Mukakwera masitepe, pansanja yoyamba pali phokoso la okonza mafoni ndi ojambula zikalata, yachiwiri muli kasukulu ka makompyuta, koma yachinayi kuli zii, zitseko zokhoma, fumbi pamagalasi. Panja kasitomala wazungulira kawiri kufuna poimika galimoto. Zotere ndi zimene zimathamangitsira makampani ndi mabungwe m'nyumba zogonamo za ku Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi Mandala, kapena ku Area 10, 43 ndi 47 ku Lilongwe, komwe kuli mpanda, bwalo loimika galimoto ndi malo oika jenereta. Khonsolo ya Blantyre yakhala ikuika nyenyezi yofiira pa nyumba zakutha kuyambira nthawi ya Kamuzu, koma nyenyezi siyimanga malo oimika galimoto.

Vuto lachiwiri ndi kumanga mopitirira. Lendi ikakwera, omanga ambiri amayamba nthawi imodzi, ndipo popeza nyumba yaikulu imatenga zaka, zonse zimatha pamodzi msika utazizira kale. Nairobi inakumana nazo ku Upper Hill ndi Westlands. Tauni yaing'ono ilibe vuto limeneli chifukwa palibe amene amamanga modikira mlendi wosadziwika, kupatula wopuma ntchito wongolandira kumene penshoni.

Masiku ano ntchito zambiri zikuchitika pa foni ndi pa intaneti. Kodi zimenezi sizifafaniza kusiyanaku?

M'mayiko olemera zinagwedeza mizinda ikuluikulu. Mliri wa Covid-19 utaphunzitsa anthu kugwira ntchito ali kunyumba mu 2020, ku San Francisco maofesi opanda anthu anapitirira 30 peresenti pofika 2023. Kwathu kugwirira kunyumba kumavuta chifukwa cha magetsi ndi mtengo wa bandulo, ndipo ambiri amapita kuofesi chifukwa ndi komwe kuli jenereta ndi intaneti ya bwana.

Kumatauni aang'ono foni yachita zosiyana ndi zimene ambiri ankayembekeza. Mlendi amene landilodi aliyense wa kumudzi ankalota anali nthambi ya banki: imasaina zaka zambiri, imakonza nyumba yokha, imalipira pa tsiku lake. Lero Airtel Money, Mpamba, Mo626 ndi maejenti a mabanki okhala m'magolosale akugwira ntchito imene kale inkafuna nyumba yathunthu. Ntchito ya ndalama yafika pafupi ndi anthu, koma ikukwana m'kabokosi ka matabwa kopakidwa penti yofiira kapena yobiriwira, pansi pa ambulera.

Msewu wa Thyolo, Makwasa mpaka Thekerani unaikidwa phula. Sudzakweza mtengo wa maofesi?

Wakweza malonda a m'mbali mwa msewu: nthochi, mafuta, zakudya, malo ogona, akabaza. Pa maofesi, msewu wabwino umayenda mbali ziwiri. Umabweretsa anthu, komanso umafupikitsa ulendo wa ku Blantyre. Bungwe limene kale likanatsegula ofesi pa Makwasa chifukwa cha matope a dzinja, tsopano likhoza kukhala paboma kapena ku Limbe n'kumabwera ndi galimoto m'mawa.

Ndili ndi poloti pa Makwasa ndipo ndapuma ntchito. Ndimange chiyani?

Choyamba, bambo kapena mayi, musamange maofesi apamwamba podikira kuti alendi adzabwera. M'matauni aang'ono a dziko lino mwadzaza nsanja zachiwiri zosamalizidwa, zitsulo zitaloza kumwamba, chifukwa mwini wake anatengera pulani ya mumzinda. Pansi pamalowa anthu, pamwamba pamalowa njiwa.

Mangani zipinda zapansi zoyang'ana kumsewu, zoti lero likhale sitolo, mawa ofesi ya bungwe la ngongole, mkuja kachipatala, osagumula khoma. Chipinda chilichonse chikhale ndi mita yake ya magetsi, chifukwa mikangano yambiri ya landilodi ndi mlendi imayambira pa mayunitsi. Ikani chimbudzi chabwino ndi madzi odalirika. Bungwe lofuna ofesi limayang'ana kuseri kwa nyumba lisanayang'ane kutsogolo, ndipo limafuna poimika galimoto imodzi kapena ziwiri mkati mwa mpanda usiku.

Yang'anani amene ali kale pamalopo. Chipatala ndi koleji ya Malamulo zimakoka ophunzira, anamwino, odikirira odwala ndi alendo, ndipo onsewa amafuna pogona asanafune desiki. Nyumba zogonamo kumbuyo kwa masitolo zikhoza kukusungani pa miyezi imene tiyi wachepa, aganyu achotsedwa, ndalama yauma pamsika. Malonda a kuno amatsata mvula ndi tsiku la malipiro pa esiteti, ndipo lendi imene mungatchule iyenera kukhala yoti mlendi aikwanitse mu Julaye, osati mu Febuluwale mokha.

Ngati bungwe kapena kampani ikufuna kuti muimangire mogwirizana ndi zofuna zake, musayambe maziko musanasainirane mgwirizano wa zaka zingapo, wonena za dipoziti, za kukwera kwa lendi, ndi za amene adzabwezeretse nyumbayo mwakale akamatuluka. Funsaninso kuti pulojekiti yawo ikutha liti, chifukwa ndalama ya opereka thandizo ikatha, amachoka mwezi womwewo. Dziwani kuti bungwe lolembetsedwa limadula msonkho pa lendi lisanakupatseni, choncho khalani ndi nambala ya msonkho ku MRA ndipo muzitenga chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wadulidwa. Pulani ipite kukhonsolo ya Thyolo musanathire simenti, ndipo ngati malowo ndi a mfumu, yambani ndi kulembetsa.

Ngati chimene mukufuna ndi kudya nawo lendi ya maofesi enieni, njira yachidule si kumanga. Masheya a MPICO ndi a ICON amagulidwa kudzera mwa mabuloka a msika wa masheya ku Blantyre ndi ndalama yochepa kuposa mtengo wa lole imodzi ya simenti. Mtengo wake umakwera ndi kutsika, ndipo phindu logawidwa pachaka limadalira ngati alendi, kuphatikizapo boma, alipira pa nthawi yake.